Mpando wa Msilamu pa Phwando la ku Hotela

Msika wa fodya ukatsegulidwa, nthawi zambiri m'mwezi wa Epulo, tauni ya Kasungu imasintha kayendedwe. Malole odzaza mabelo amandandalika pamsewu wa ku Chinkhoma, m'mabanki mumakhala mizere kuyambira m'mamawa, ndipo ogulitsa malata, njinga ndi feteleza amadziwa kuti nyengo yawo yakwana. Ndalama zikamayenda chotere, misonkhano nayo imachuluka. Makampani ogula fodya, mabanki, mabungwe a alimi, nthambi za boma ndi mabanja amene akukwatitsa ana awo amalipira zipinda zazikulu m'mahotela a m'tauniyi, monga Kasungu Inn ndi Chikho Hotel, ndipo zokamba zikatha anthu amaitanidwa ku chakudya. Matebulo amayalidwa nsalu zoyera, ziwiya zachitsulo zodzaza mpunga ndi nyama zimandandalikidwa m'mbali mwa khoma, ndipo pamaphwando ambiri otere pakona pamakhala bala yomwe mwini phwando walipiriratu.

Nkhaniyi ingaoneke yakutali kwa munthu wa ku Nkhotakota, Salima kapena Mangochi, koma ndi yathu ndithu. Njira yochokera kunyanja kupita ku Kasungu ndi yakale. M'zaka za m'ma 1800, pamene a Jumbe ankalamulira ku Nkhotakota, amalonda ankakwera mtunda umenewu kukagula minyanga ya njovu m'dziko la Mwase, ndipo tisabise, ankagulanso anthu. Lero msewu wa M18 umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, ndipo pamsewupo pamayenda usipa, utaka ndi mpunga wa kunyanja, komanso ana athu amene adaphunzira n'kupeza ntchito m'mabanki, m'zipatala ndi m'maofesi a zaulimi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndi 13.8 mwa anthu 100 alionse m'Malawi muno, ndipo ambiri a iwo ali m'maboma a kunyanja ndi a kummwera. Ku Kasungu Msilamu amakhala pakati pa anthu ambiri a zipembedzo zina. Khadi lomuitanira kuphwando likafika pa desiki yake, ayenera kusankha yekha chochita, ndipo chimene angasankhe chidzakhudza ntchito yake, maubale ake ndi chikhulupiriro chake.

Funso lake ndi ili: kodi kukhala m'chipinda chimene ena akumweramo mowa, ukudya chakudya chimene sudaone mmene chidakonzedwera, paphwando limene lalipiridwa ndi ndalama za fodya, ndiko kuvomereza zonsezo? Pali mayankho awiri amene amabwera msanga. Ena amati usapiteko n'komwe, khala kunyumba, chipembedzo chako chikhale choyera. Ena amati pita, tenga Fanta yako, zimene anzako akumwa n'zawo. Mayankho onsewa ali ndi choonadi chake, koma onse amafulumira kutseka nkhani isanaunikidwe bwino. Ndi bwino kuyenda nayo pang'onopang'ono, kuyambira pa chimene chili chapafupi.

Chapafupi ndi mbale. Surat Al-Ma'ida imatchula zimene Msilamu sadya, monga nyama ya nkhumba, magazi, nyama yofa yokha ndi nyama yozingidwa m'dzina la wina osati Allah. Surayo imalolanso chakudya cha anthu amene adapatsidwa Buku, ngakhale kuti ma ulama amasiyana maganizo pa mmene chilolezochi chimagwirira ntchito m'mabutchala amakono. M'dziko lathu vutoli lidachepako chifukwa nthambi ya Halaal ya Muslim Association of Malawi imayendera malo ophera nyama ndi malo odyera n'kupereka chizindikiro, kotero nkhuku ndi nyama ya ng'ombe yambiri ya m'masitolo imakhala yozingidwa moyenera. Chotsala ndi zochitika m'khitchini: mafuta amene akazingira soseji yankhumba n'kukazingiranso tchipisi, chipande chimodzi choyenda m'miphika yonse, kapena vinyo wothira mu msuzi. Mankhwala a zimenezi ndi kufunsa, pakuti akuluakulu adati safunsa adadya phula. Munthu wa kunyanja ali ndi mwayi winanso, chifukwa chambo sichifuna kuzinga, ndipo nsima, mpunga, nyemba ndi masamba sizisowa pagome la Mmalawi.

Komabe kufunsa kuli ndi malire ake. Pakati pa mfundo zikuluzikulu za fiqh pali yonena kuti chikaiko chokha sichichotsa chimene chili chotsimikizika. Munthu amene wauzidwa ndi wophika kuti nkhuku idachokera kwa ozinga odziwika alibe chifukwa chokhalira akununkhiza mbale iliyonse ngati wapolisi. Kufunsa kwabwino kumachitika msanga ndiponso mwakachetechete, kwa wokonza phwando kapena kwa wamkulu wa khitchini, tsiku lisanafike. Kufunsa kofuula pamzere wa chakudya, anthu onse akumva, kumachititsa manyazi woperekera zakudya amene sadziwa yankho, ndipo nthawi zambiri kumakhala kudzionetsera kuposa kuopa Mulungu.

Nkhani ya tambula ndi yolemererapo. Mowa sudaletsedwe tsiku limodzi. Ku Madina kudayamba kubwera chenjezo lakuti kuipa kwake n'kwakukulu kuposa phindu lake, kenako lamulo lakuti munthu asayandikire swala ali woledzera, ndipo pomaliza chiletso chotheratu, pamodzi ndi zifukwa zake: mowa umadzetsa udani ndi chidani pakati pa anthu, ndipo umaiwalitsa kukumbukira Mulungu ndi swala. Pa kusamwa, palibe Msilamu amene amatsutsa. Koma mu hadisi ina imene adailandira Imam Tirmidhi, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adaletsa wokhulupirira ngakhale kukhala pagome limene mowa ukuyendapo. Wina angadabwe kuti munthu amene sakumwa akuletsedweranji mpando.

Yankho lake tikulidziwa kale m'chikhalidwe chathu. Kwathu kudya pamodzi ndi kuyankhula. Anthu amene adayambana akagwirizana amadyera mbale imodzi, ndipo amene wakana nsima pamaliro wanena mawu aakulu ngakhale asadatsegule pakamwa. Ngati kukana kudya kumayankhula, ndiye kuti kukhala pagome nakonso kumayankhula. Bambo wovala chisoti chake akakhala pakati pa mabotolo akuseka nawo, mnyamata wachisilamu amene wangoyamba ntchito amaphunzira kuti mpanda umene adauzidwa kumadrasa ndi waufupi. Munthu amene akulimbana ndi kusiya mowa, kaya ndi wa chipembedzo chanji, amaona kuti palibe amene angamuthandize kukana. Ndipo mtima wa munthu umazolowera. Chimene chidamudzidzimutsa chaka choyamba amachiona ngati chabwinobwino chaka chachitatu.

Koma gome ndi chiyani? M'chipinda cha hotela mukhoza kukhala anthu mazana angapo pa matebulo makumi angapo. Kukadakhala kuti kupezeka paliponse pamene pali tchimo ndiko kulivomereza, Msilamu sakadakwera minibasi, sakadagulitsa usipa mumsika wa Kasungu, ndipo sakadagona m'nyumba ya alendo iliyonse ya pamsewu wa M1. Pali kusiyana pakati pa kukhala m'nyumba imodzi ndi kukhala patebulo limodzi, monga pali kusiyana pakati pa kupita ku mwambo umene cholinga chake ndi msonkhano, mowa n'kungobwera pambali, ndi kupita kumalo kumene cholinga chake ndi mowawo. Phwando la ku hotela nalonso limasintha nkhope usiku ukamapita. Limayamba ndi pemphero ndi zoyankhula, kenako chakudya, ndipo mbale zikachotsedwa bala ndiyo imatenga ulamuliro. Munthu amene anali pamalo oyenera nthawi ya 7 koloko akhoza kukhala pamalo osayenera nthawi ya 10 koloko, ali pampando womwewo.

Tiyeneranso kuwerengera mtengo wa kusapita, chifukwa si waulere. Pamaphwando otere m'pamene wapampando wa kalabu ya alimi amatha kuima pafupi ndi wogula fodya n'kumuuza za mabelo amene akubwezedwa kumsika. M'pamene namwino amalandira ulemu wa zaka zimene wagwira ntchito. Msilamu akamasowa nthawi zonse, anthu amene amawaimira nawo amasowa, ndipo okonza maphwando sadzaphunzira kuti pali alendo amene amafuna zina. Palinso ngongole ya ubale. Mnzako wachikhristu adabwera pamaliro a bambo ako, adakhala pamphasa tsiku lonse, adadya mpunga wa sadaka osafunsa mafunso. Lero akukwatitsa mwana wake kuhotela. Kumukana popanda kufotokoza ndi kumubaya, ndipo Chisilamu chidaika ufulu wa mnansi pamalo apamwamba posayang'ana chipembedzo chake. Tisaiwale kuti Kasungu ndi dera la Akhristu ambiri a mpingo wa CCAP, umene suvomereza kuti mamembala ake azimwa mowa, ndiponso kuli a Seventh-day Adventist amene sadya nkhumba ndipo samwa. M'chipinda chilichonse chachikulu muli tebulo la anthu osamwa, ndipo Msilamu amene walifunafuna sakhala yekha.

Ma ulama akale adaiganizira nkhaniyi mozama kuposa mmene timaganizira. Chisilamu cha kunyanja kuno chidabwera kudzera kugombe la Aswahili, ndipo n'chifukwa chake ambiri a ife timatsatira madhhab a Imam Shafi'i. Mmodzi mwa akuluakulu a madhhab amenewa, Imam Nawawi, amene adamwalira m'chaka cha 1277, adafotokoza m'buku lake la Minhaj al-Talibin kuti kuyankha kuitana kwa walima ya ukwati ndi udindo, koma udindowo uli ndi zoyenera kukwaniritsidwa. Chimodzi n'chakuti pamalopo pasakhale choipa choonekera, ndipo adaonjeza kuti ngati choipacho chingachoke chifukwa cha kubwera kwa woitanidwayo, ndiye apite. Apa tikuphunzira kuti kupezeka kwa munthu kumayesedwa ndi chimene kumabala. Koma pamndandanda womwewo pali chinthu china chimene sitikonda kuchitchula: mwini phwando asakhale kuti waitana olemera okhaokha. Izi zikuchokera ku mawu odziwika amene ali m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, odzudzula chakudya cha phwando limene olemera aitanidwa, osauka n'kusiyidwa.

Phwando la kampani si walima, ndipo palibe amene ali wokakamizidwa ndi chipembedzo kupitako. Komabe n'zophunzitsa kuti ma ulama adaika botolo ndi chipata pamndandanda umodzi. Ife tidatenga theka la mndandandawo. Maso athu ndi akuthwa pa zimene zili m'mbale ndi m'tambula, koma ndi ofooka pa funso lakuti ndani watsala kunja. Ndipo palibe malo m'Malawi muno amene funso limeneli limalemera kuposa m'zigwa za fodya.

Taganizirani ulendo wa tsamba limene lalipira chakudyacho. Nazale imafesedwa m'chilimwe, n'kumathiriridwa ndi makheni m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa mbande zimaokeredwa, kenako pamabwera kupalira, kuthira feteleza, kudula nsonga, kuthyola, kusoka, kupachika m'zigafa, kusankha masamba ndi kudinda mabelo pa jeke. Ndi ntchito ya chaka pafupifupi chathunthu. Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi m'maesiteti a ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba inkagwiridwa ndi matenanti, ambiri ochokera m'maboma a kummwera, kuphatikizapo Mangochi ndi Machinga. Tenanti ankapatsidwa chimanga ndi zipangizo pangongole, ndipo pakutha pa nyengo mwini esiteti ankachotsera zonsezo pamtengo wa fodya umene adauika yekha. Mabanja ena ankabwerera kwawo opanda kanthu, ena ankalephera ngakhale ndalama yobwererera. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan International lidatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba, lomwe lidafotokoza za ana odwala chifukwa cha nikotini wolowa pakhungu pothyola masamba onyowa. Mu Novembala 2019 dziko la America lidayamba kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la zantchito n'kuthetsa utenanti. Kusintha lamulo n'chinthu chachikulu, koma umphawi umene unkatumiza anthu kumaesiteti sudathe ndi lamulolo.

Anthu amenewa si achilendo kwa ife. Ndi amalume athu ndi azakhali athu amene adakwera lole usiku kuchoka kumudzi, ndi ana amene adasiya madrasa ndi sukulu pakati pa chaka. Msilamu amene wakhala m'chipinda chozizira cha hotela, atatsimikiza kuti nkhuku yake ndi yozingidwa bwino ndipo tambula yake muli madzi okha, akhoza kuganiza kuti wamaliza mayeso. Koma ngati ndi mwini munda amene sadalipire antchito ake, kapena kalaliki amene amapotoza sikelo, kapena wogula amene amadikirira mlimi panjira mu Febuluwale njala itamupana kuti amugule fodya pamtengo wolira, ndiye kuti chakudya chimene akudyacho chaipitsidwa ndi chinthu chimene chizindikiro cha Halaal sichingachione. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adalamula kuti wantchito alipidwe thukuta lake lisadaume, ndipo Qur'an ili ndi sura yathunthu, Al-Mutaffifin, imene dzina lake ndi la anthu ochepetsa muyeso.

Nanga ndalama za fodya pazokha? Ma ulama ambiri amakono amati kusuta ndi haraam chifukwa cha matenda amene kumabweretsa, ena amati ndi makruh, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu mamiliyoni ambiri chaka chilichonse. Dziko la Malawi lidalowa m'pangano la bungweli lochepetsa fodya mu 2023. Koma mbewu yomweyi ndiyo imabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja zimene dziko limagulira mafuta ndi mankhwala. Petulo wa mu injini ya boti la ku Nkhotakota ali ndi fungo la fodya wa ku Chinkhoma. Palibe Mmalawi amene angati manja ake sadakhudze ndalamazi, ndipo amene amakana phwando ponena kuti ndi la ndalama za fodya ayenera kudzifunsa ngati adzakananso kugulitsa nsomba zake kwa alimi omwewo. Kudzipatula kotheratu n'kosatheka kwa munthu wokhala m'dziko lino. Chotheka ndi kuchita chilungamo pa gawo limene lili m'manja mwako, ndi kulimbikitsa abale amene akuyesa soya, mtedza ndi mpendadzuwa kuti mawa asadalire tsamba limodzi.

Pali tchimo lina limene limachitika pamaso pa onse koma palibe amene amalitchula. Chakudya chodzitengera wekha chimayesa mtima wa munthu. Pamzere pali mpunga, nsima, tchipisi, nkhuku, ng'ombe, mbuzi ndi nsomba, ndipo chifukwa walipira ndi wina, dzanja limalemera. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mbale imasanduka chulu, theka lake n'kubwerera kukhitchini kukatayidwa. Qur'an, mu Surat Al-A'raf, imalola kudya ndi kumwa koma imaletsa kuononga, ndipo Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adaphunzitsa kugawa mimba patatu, gawo la chakudya, la chakumwa ndi la mpweya. Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene njala ya 2002 idapweteka kwambiri, ndipo amene adakwirira abale awo chaka chimenecho adakali moyo. Panja pa hotela pamakhala madalaivala amene akudikira mabwana awo m'galimoto kuyambira masana, alonda a pachipata ndi anyamata a kabaza. Munthu amene wakana tambula ya vinyo koma wataya nkhuku yokwanira banja lonse wapewa choletsedwa chimodzi n'kugwera m'china, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti chachiwirichi sichimuchititsa manyazi pamaso pa anzake.

Tisaiwale munthu amene ali m'chipindamo koma sadaitanidwe: woperekera zakudya. Mwina ndi mnyamata wachisilamu amene adafunafuna ntchito zaka zingapo n'kuipeza pahotela. Hadisi yodzudzula anthu okhudzidwa ndi mowa simatchula womwa yekha, imatchulanso wogulitsa, wogula, wonyamula ndi wothirira ena. Choncho mtolo wa mnyamatayu ndi wolemera kuposa wa mlendo amene wakhala ndi Sobo wake. N'kosavuta kwa wokhuta kumuweruza. Koma lendi ya nyumba ndi fizi ya mng'ono wake zili pathireyi yomweyo, ndipo kumuuza kuti asiye ntchito popanda kumusonyeza ina ndi kumuponya m'madzi. Iye ali ndi udindo wopempha akuluakulu ake kuti amuike mbali ya chakudya ndiponso wosaleka kufunafuna ntchito ina. Ife amene tili ndi masitolo, magalimoto ndi maboti tili ndi udindo womukumbukira tikamalemba antchito. Mtolo wofanana ndi wake uli pa Msilamu amene wapatsidwa ntchito yokonza phwando kapena yosaina bilu. Pamenepo nkhani yachoka pa kukhalapo, yafika pa kuchita, ndipo n'koyenera kupempha mwaulemu kuti gawo la bala aligwire wina.

Wina anganene kuti kulankhula za matenanti ndi chakudya chotayidwa ndi njira yozembera lamulo lomveka bwino la mowa, kuti munthu apeze chifukwa chokhalira pamene sayenera kukhala. Chenjezo limeneli ndi loyenera, chifukwa mtima umadziwa kudzipezera zifukwa. Koma palibe chimene chachotsedwa pa lamulo la mowa. Kumwa n'koletsedwa, kuthirira ena n'koletsedwa, ndipo kukhala mwakufuna kwako patebulo limene ukumwedwerapo n'koletsedwa. Chimene chaonjezedwa ndi theka lina la mndandanda, limene lidalipo kuyambira kale. Winanso anganene kuti mlendo alibe mphamvu pa amene waitanidwa ndi amene wasiyidwa, popeza phwando si lake. Zimenezo n'zoona usiku umenewo. Koma mlendo wa lero ndiye mwini phwando wa mawa, ndipo apa nkhani yachoka ku Kasungu, yabwerera kunyanja.

Maukwati athu nawo ayamba kusamukira m'mahotela a ku Salima ndi Mangochi. Mowa mulibe, nyama yonse ndi yozingidwa bwino, ndipo mwambo umayamba ndi dua. Koma pachipata pali mlonda wofunsa khadi, ndipo makhadiwo apita kwa amene angaponye ndalama zambiri pa perekaniperekani. Kumudzi walima kapena sadaka idalibe chipata. Mpunga unkaphikidwa m'miphika ikuluikulu pabwalo, ndipo wamasiye, wopempha ndi wapaulendo ankakhala pamphasa imodzi ndi mwini boti. Palibe cholakwa m'kuchitira ukwati kuhotela, ndipo banja lililonse lili ndi malire a thumba lake. Koma banja limene latha kulipira chipinda cha alendo mazana awiri lingathenso kuphika mphika wina kunyumba kapena kumzikiti, n'kuitana amene alibe zovala zolowera m'hotela. Popanda zimenezo tikhala tikudzudzula phwando la ena chifukwa cha botolo, pamene lathu lagwa pa chifukwa chimene Mtumiki adachitchula ndi dzina.

Tsono amene walandira khadi achite chiyani? Ayambe wadzifunsa chimene akukachita kumeneko. Ngati mwambowo ndi wa mowa basi, apepese mwaulemu n'kukhala. Ngati ndi wa ntchito, wa ulemu kapena wa ubale, ayankhe msanga, auze wokonza kuti sadya zakuti ndiponso kuti angakonde kukhala ndi anthu osamwa. Okonza ambiri amasangalala kuuzidwa nthawi ilipo. Aone kumene angaswalire Maghrib nthawi isadakwane, chifukwa maphwando amadzulo amameza swala imeneyi mosavuta. Ikafika nthawi yokweza matambula, kuimirira mwaulemu n'kokwanira. Atenge chakudya chimene angamalize, ayankhule zimene adabwerera, athokoze mwini phwando pamaso, ndipo mbale zikachotsedwa atsanzike. Ngati ali ndi mawu pa kakonzedwe ka mwambowo, afunse ngati madalaivala ndi alonda awerengeredwa chakudya, ndiponso kumene chotsala chipite. Ndipo akapezeka kuti waikidwa patebulo limene sangathe kusamukapo, mabotolo n'kubwera, asachite phokoso kapena kunyoza amene ali nawo. Achoke pamene mpata wapezeka, ndipo tsiku lotsatira afotokoze chifukwa chake kwa amene adamuitana.

Kukhalapo pakokha sikuvomereza, monga kusapita pakokha sikuyeretsa. Chimene chimasandutsa mpando kukhala chivomerezo ndi kukhazikika kwa mtima, pamene munthu waleka kuona choipa ngati choipa chifukwa chakudya n'chokoma ndipo anthu ali pafupi ndi olemekezeka. Zimenezi zikhoza kuchitika pa mowa, ndipo zikhoza kuchitikanso pa malipiro a wantchito ndi pa mbale yotayidwa. Makolo a kunyanja amene akutumiza ana awo kukagwira ntchito ku Kasungu, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amawalangiza kuti asadye nkhumba ndipo asamwe mowa, ndipo amachita bwino. Pa malangizo amenewo aonjezepo kuti mwanayo azidziwa dzina la amene wamubweretsera mbale, azifunsa ngati womudikira panja wadya, ndipo tsiku limene iye adzakhale wolemba makhadi adzakumbukire abale ake amene akusoka fodya m'zigafa.